Akundiuza kuti ndilembe zomwe sindinayeze

Azakhali,

Ndine mtsikana wophunzira unamwino, ndipo panopa sukulu yatitumiza kuchipatala kuti tikaphunzire ntchito pawodi. Ntchitoyi ndimaikonda kwambiri. Zomwe ndinkangowerenga m'mabuku tsopano ndikuzigwira ndi manja anga: kufufuza mtsempha pamkono wa agogo owonda kuti ndiike dripu, kutembenuza wodwala wosatha kudzuka maola awiri alionse kuti asachite zilonda, kutsuka bala mosamupweteka mwiniwake.

Chandivuta ndi ntchito yausiku. Anamwino amakhala ochepa, odwala ali mbwee. Asisita amene amandiyang'anira anandiuza kuti ndisamataye nthawi n'kuyeza aliyense. Amene akuoneka kuti ali bwino ndizingomulembera patchati. BP 120/80, kutentha kwa thupi 37, kugunda kwa mtima 80, basi tchati chadzaza.

Koma Azakhali, kusukulu anatiphunzitsa kuti manambala amenewa ndi amene amayamba kuulula kuti zinthu zayamba kuipa, wodwalayo asanadandaule n'komwe. Munthu wochitidwa opaleshoni akamataya magazi m'kati, mtima umayamba kuthamanga kupitirira 100 pamphindi, BP imatsika pambuyo pake. Wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pamphindi. Usiku wina ndinaima pambali pa bambo wina amene ankaoneka ngati wagona tulo tabwino. Ndinayang'ana chifuwa chake, wotchi ili m'manja, n'kuwerenga ka 30. Thupi linali moto. Patchati panalembedwa kuti zonse zili bwino. Nditawauza asisita anathamanga n'kuitana dokotala, koma mawa lake lamulo linali lomwe lija.

Sindikufuna muwaone ngati munthu woipa. Ndi iwo amene anandigwira dzanja pondiphunzitsa kubaya jakisoni, ndipo nthawi zambiri usiku wonse umatha asanakhale pansi. Atopa, ndikuona. Komanso ndi iwo omwewo amene amasayina buku langa losonyeza ntchito zomwe ndaphunzira, ndipo popanda siginecha yawo sindingapite patsogolo.

Anzanga akuti ndingokhala chete, mlendo ndi mame, posachedwa tichoka pawodi imeneyi. Ena akuti ndikauze mphunzitsi wathu amene amabwera kudzatiyendera. Ndikuopa kuti ndikatero adzanditcha kazitape, ndipo anamwino onse adzasiya kundionetsa ntchito. Pakadali pano ndimayeza ndekha mwakachetechete amene ndingakwanitse, kuyambira odwalitsitsa, ndipo amene sindinawafikire ndimasiya malo awo osalemba. Asisita ayamba kufunsa chifukwa chake matchati anga ali ndi mipata.

Ndithandizeni, Azakhali. Ndiyambe ndalankhula ndi asisitawo patokha, kapena ndipite kwa mphunzitsi? Nanga ndiyambe ndi mawu otani kuti asaone ngati mwana wadzulodzuloyu akufuna kuwaphunzitsa ntchito?

Ine mwana wanu,
Wothedwa Nzeru