Alimi azilipira feteleza atangokolola

Akonzi,

Ndikupempha okonza ndondomeko za ulimi kuti aganizire zimene akatswiri a zachuma Esther Duflo, Michael Kremer ndi Jonathan Robinson anapeza ku Busia m'dziko la Kenya, pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2011. Alimi ambiri kumeneko ankafunadi feteleza, koma ankazengereza kugula mpaka ndalama za zokolola zitathera pa zina. Atapatsidwa mwayi wolipiriratu atangokolola, fetelezayo n'kuwabweretsera pakhomo kwaulere, ogwiritsa ntchito feteleza anachuluka.

Ineyo ndinaonapo mayi anga akumasula kansalu kawo ka ndalama mu Novembala, mvula itayandikira, n'kupeza zonse zinapita ku sopo, mchere ndi chigayo. Ndikupempha boma lilole alimi kulipiriratu feteleza wotsika mtengo wa m'ndondomeko ya boma yothandiza alimi mu Meyi kapena Juni, ndalama zidakali m'manja.

Mlimi wokhudzidwa,
Dedza