Kwa akuluakulu a chipatala: app yanu yasiya odwala ambiri pabenchi

Akuluakulu, chiyambireni kulembetsa odwala pa app, mzere wa pachipatala chanu ku Limbe wagawika pawiri. Wolembetsa pafoni amafika 9 koloko n'kungolowa. Mayi wochokera ku Bangwe amene wafika kusanache, kabuku ka kuchipatala kali m'manja, amauzidwa kuti adikire mipata yotsala. Makinawo sitikuwakana ayi. Koma masiku ano woyamba kuonana ndi dokotala ndi wa foni yapamwamba, osati wodwalitsitsa.

Taonani mmene zimakhalira. App imafuna foni ya Android yokhala ndi malo okwanira, bandulo yoitsitsira, ndi netiweki yosadukaduka. Wa kafoni ka mabatani wathera pomwepo. Wobwereka foni kwa mwana wa aneba amakakodwa pa nambala yachinsinsi yobwera pa SMS ija. Imatha mphamvu msanga, chonsecho uthengawo umachedwa. Munthu wa maso ofooka atuluke mu app, akaiwerenge, pobwerera apeza zonse analemba zafufutika. Akalakwitsa katatu, akaunti yatsekedwa. Ndipo zonsezi zili m'Chingerezi chokhachokha.

Chomwe chatilembetsa kwenikweni ndi ichi: fayilo ya wodwala mwaimangirira pa nambala ya foni, nambala imodzi munthu mmodzi. M'makomo ambiri ku Ndirande, Mbayani ngakhale ku Chirimba foni ndi imodzi, ndipo masana imakhala m'thumba mwa bambo ku ganyu. Mayi akalembetsa sikelo ya amayi oyembekezera, agogo a BP ndi shuga a pakhomo pomwepo sangalembetsenso. Uthenga wokumbutsa tsiku lotenga mankhwala umafikira mwini foni, wodwala n'kuumva patapita masiku. Zotsatira za magazi nazo zimapita komweko, zonse poyera. Ganizirani za HIV kapena za mimba zikuwerengedwa ndi munthu amene wodwalayo sanakonzeke kumuuza. Pamenepa banja likhoza kugwedezeka, ndipo ena amangosiya kuyezetsa. SIM ikatayika, mbiri yonse ya matenda yapita nayo, munthu n'kutsegulidwira fayilo yachiwiri yopanda mankhwala ake akale. Namwino adziwa bwanji kuti uyu samayanjana ndi Bactrim?

Magetsi akathima n'kumene zimaonekera bwino. Kompyuta ya pakhomo la chipatala ikazima, palibe wolembedwa, poti kaundula wa pepala munamuchotsa patebulo.

Zokonza zake sizachilendo. Agogo omwewo amatumiza ndalama pa *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba popanda bandulo. Ikani kulembetsa pa USSD yotero, m'Chichewa, mafunso osapitirira anayi: dzina, nambala ya chitupa cha unzika, chomwe akudwala, tsiku. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011, ndipo anthu amangoimba n'kulankhula ndi wazaumoyo pa foni iliyonse. Nanga inu mukanike kuika kalaliki mmodzi woyankha foni?

Fayilo imangirireni pa chitupa kapena pa kasitika ka barcode kamatidwa pa kabuku ka wodwala, kuti nambala imodzi ya foni ithe kunyamula anthu onse a pakhomo. SMS izingonena kuti zotsatira zatuluka, bwerani mudzatenge, osatchula matenda ngakhale dzina la kiliniki ya ma ARV. Mipata ina ya m'mawa muziisungira ofika ndi miyendo, ndipo namwino aziyamba wayeza kutentha kwa thupi, BP ndi kapumidwe pakhomo, kuti mwana amene akubanika asadikire kumbuyo kwa munthu wodzangotenga kalata ya kuntchito.

Tiyankheni pompano, ndipo mutiuze tsiku limene kaundula wa pepala abwerere patebulo la pakhomo.