Kalata ya Abusa: Za Chimfine ndi Chifuwa M'nyengo Ino ya Chisanu

Okondedwa mwa Ambuye,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse.

Chiperoni chafika, ndipo chifuwa chachuluka pakati pathu. Ambiri mukuti ndi kachimfine chabe. Nthawi zambiri ndi zoona. Koma tinkateronso mu Januwale 2021, mwezi umene Covid-19 inatenga nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, tsiku limodzi.

Chimfine chachikulu ndi Covid-19 zimayamba mofanana: thupi kutentha ndi kuphwanya, mutu, zilonda zapakhosi, kutsokomola. Ena amasiya kumva fungo. Tizilombo toyambitsa matendawa timafala tikamatsokomola, kuyankhula ngakhale kuimba, makamaka m'minibasi yotseka mawindo kapena pamaliro pomwe tagona mothithikana. Ambiri amachira atapumula ndi kumwa madzi ambiri. Bactrim kapena amoxicillin wogula pa okala sapha tizilombo totere. Thupi likatentha kayezetseni, mwina ndi malungo.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi kapumidwe, chifukwa matendawa akatsikira m'mapapo amabweretsa chibayo. Amayi, mwana akagona m'vundukuleni pachifuwa. Mukaona akupuma mothamanga, m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati, kapena akukana bere, musadikire kuti kuche. Agogo akamabanika pongopita kubafa, akamalephera kutsiriza mawu osapumira, akamamva kuwawa pachifuwa kapena kusokonezeka mutu, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Ndirande, ku Zingwangwa, ku Limbe kapena ku Queens. A shuga, a BP, a mphumu, amayi oyembekezera ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika asazengereze n'komwe. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, kayezetseni TB.

Tsono mawu kwa inu okhulupirika, amene simujomba ngakhale mukunjenjemera. Ndimayamika khama lanu, koma mukadwala khalani kunyumba. Kutero si kuchepa kwa chikhulupiriro. Benchi limene mumakhalapo pamakhalanso agogo ndi makanda. A kwaya, izi zikukhudzani kwambiri, ndipo musadandaule, nyimbo siitha chifukwa mmodzi wapuma. Pemphero tipemphera ndithu, koma kuchipatala mupitenso.

Kuyambira Lamulungu lino mawindo akhala otsegula, choncho bwerani ndi majuzi. Pakhomo pakhala ndowa ya madzi ndi sopo. Amene ali ndi kachifuwa koma ayenera kutuluka avale masiki. Akulu a mpingo ndi amayi oyendera odwala, mundipatse mayina a okalamba amene amakhala okha m'madera mwanu pofika Lachitatu, kuti tigawane owayendera.

Ambuye akusungeni.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.