Achimwene, pulinta ijayo musagule

Bangula, Okutobala

Achimwene,

Uthenga wanu ndaulandira Lachiwiri, pamodzi ndi chithunzi cha pulinta imene mwaiona m'sitolo ku Joni kumeneko. Musaigule. Ndayamba ndi mawu amenewa dala chifukwa ndimakudziwani, mukawerenga mizere itatu mumapinda kalata n'kuponya m'thumba la jekete. Ngakhale atsitse mtengo kawiri, ngakhale mtsikana wa m'sitoloyo akusekerereni bwanji, isiyeni pomwepo.

Mwina mukudabwa kuti munthu wa bizinesi yosindikiza akulemba ndi bolopeni. Tembenuzani pepalali muone kuseri. Amenewo ndi mayeso a masamu a Sitandade 6, ndipo mizere yoyera mukuionayo si ine ndinajambula. Yadutsa pakati pa manambala moti 7 akuoneka ngati 1, pomwe 8 wasanduka 3. Ahedi anangoyang'ana n'kundibwezera, osanena kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kunandiwawa kuposa akanandikalipira. Ndatsala ndi mapepala oterewa pafupifupi theka la rimu. Ena mlamu wanu akukulungira zitumbuwa, ena ndi amene ndikulemberapo ano.

Kuno tili bwino. Mwana wathu wachisamba uja wachira sabata yatha, kwabadwa mwana wamkazi, onse ali bwinobwino. Ndiye kuyambira lero muzinditchula kuti agogo, ndipo muzivula chipewa. Koma tibwerere ku pulinta.

Imene mwajambulayo ndi mtundu umodzimodzi ndi iyi yandifera. Ili ndi timakatiriji tiwiri, timabokosi ta inki tija, kakuda ndi kamitundu. Inu munakulira kuwedza ku Shire, mukudziwa kuti nsomba imaona nyongolotsi, siiona mbedza. Mtengo wa pulintayo ndiwo nyongolotsi. Kakatiriji kakuda kaja kamatulutsa masamba ongopitirira 100 pang'ono basi, ndiye taganizani kalasi ya ana 90, mayeso a masamba awiri. Simunamalize n'komwe kalasi imodzi, kagetsi kayamba kale kuphethira. Mukagula timakatiriji timeneti kawiri kapena katatu, ndalama yake yakwana pulinta ina yatsopano. Ndipo kuno sitipezeka. Ndiyenera kudzuka mbandakucha, kukwera minibasi yoima pa Ngabu, pa Nchalo, pa Dyeratu, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, n'kukwera chitunda chonse chija kuchokera pa Thabwa mpaka Blantyre, kukatenga kanthu kolowa m'thumba la shati. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndikafunsa mtengo wake ndimayamba ndagwira kauntala.

Ndinayesa nzeru za anyamata, kuthira inki ndi sirinji. Ulendo woyamba zinatheka, wachiwiri zinathekabe pang'ono, wachitatu ndi zimene mukuonazo kuseri. Manja anada sabata yathunthu. Lamulungu lake inali nthawi yanga yoyendetsa mbale ya chopereka, ndipo amayi a mvano mpaka lero sanaiwale.

Zimene ndikufuna zilipo ziwiri, ndipo zikundisowetsa tulo kuposa udzudzu.

Yoyamba ndi ya leza, yoyendera tona. Mtima wanga uli kumeneko, sindibisa. Tona ndi ufa, ndiye sauma. Mutha kuisiya mwezi wonse wa holide, pobwera n'kungoyatsa, iyo n'kuyamba ntchito ngati munasiyana dzulo. Zakale zija za HP, monga LaserJet 1020 ndi P1102, zili ngati njinga za kabaza, aliyense amadziwa kuzimasula ndipo tona wake, 12A ndi 85A, simusowa ku Limbe. Wa 85A amawerengera masamba 1,600, wa 12A masamba 2,000, ndipo akatha amathiridwanso. Kungoti ziwirizi zimangosindikiza, sizichita fotokope, pomwe theka la anthu obwera pakhomo panga amafuna fotokope ya chiphaso cha unzika kapena satifiketi ya MSCE yokafunsira ntchito ku Illovo. Yokhala ndi galasi pamwamba ndi M1132, imadya tona yemweyo wa 85A.

Vuto lake ndi moto. Mkati mwake muli kachitsulo kamene kamatentha kuposa madzi owira kuti ufa uja usungunuke n'kumatirira papepala, ndiye ikamadzuka imakoka magetsi ngati simbi. Mukukumbukira kuti namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, tinakhala mumdima kupitirira chaka. Ndi nthawi imeneyo ndinagula sola wanga, panelo imodzi, batire imodzi ndi kainveta kakang'ono. Mwezi wathawu ndinabwereka ya leza ya abusa kuti ndiyese. Nditangodina batani, kainveta kanalira ngati mwana wa mbuzi wogwidwa mwendo, laputopu n'kuthima, wailesi n'kuthima, foni ya mlamu wanu imene inali pa chaji n'kuthima. Abusa anangoti, "Tiyeni tiibweze isanafe ili m'manja mwanu." Ndiye ya leza ndi ya tsiku limene magetsi alipo, ndipo inu mukudziwa kuti ahedi sabwera tsiku limenelo, amabwera tsiku limene azima.

Yachiwiri ndi ya matanki, imene inki mumachita kuthira kuchokera m'botolo. Epson L3210 ndi imene ndaiona ikugwira ntchito kwa mnyamata uja wa pa Nchalo. Imasindikiza, imachita fotokope, imasikana, ndipo moto wake sufika ngakhale mawati 20, kainveta kanga sikangadziwe n'komwe kuti pali mlendo. Eni ake amati botolo limodzi lakuda limatulutsa masamba 4,500. Iwo amawerengera tsamba lolembedwa mopepuka, osati mafomu athu odzaza mabokosi, koma ngakhale titachotsapo gawo lalikulu, kusiyana kwake ndi kakatiriji kaja kuli ngati ndowa ndi kapu ya tiyi. Imachedwa kusiyana ndi ya leza, zoona. Koma ine ndithamangira kuti?

Imafuna kuisamala ngati ng'ombe ya mkaka. Kutentha kwa kuno mwezi uno mukukudziwa, kapena mwaiwala poti mukuvala majuzi? Masana kukupitirira madigiri 40, malata akuchita kulira okha. Inki ikakhala masiku ambiri osayenda imauma pa timabowo ta mutu wa pulinta, timene n'tating'ono kuposa tsitsi, ndipo kutsuka kwake kumamwanso inki yomweyo. Ndiye pamafunika kusindikiza kanthu ka mitundu yonse kamodzi kapena kawiri pa sabata, kaya pali kasitomala kaya palibe, n'kumaifunditsa nsalu chifukwa cha fumbi. Zimenezo sindikuopa. Chimene chikundidya n'china.

Inki yake imasungunuka ndi madzi.

Mudzati ndayamba misala, koma mvetserani. Freddy atadutsa mu Malichi 2023, anthu a ku Makhanga ankawoloka pa bwato ku Mtayamoyo atanyamula timajumbo ta mapepala, kufuna kuti ndiwachitire fotokope zimene zatsala. Ndinaona ndi maso angawa. Pepala la leza, ngakhale litakhala m'matope masiku atatu, ukaliyanika zilembo zimakhalapobe, lakwinyika koma likuwerengeka. La inki limasanduka mtambo wobiriwira ndi wofiirira, dzina osaoneka, deti osaoneka. Kunabwera mayi wina wachikulire, wa kwawo kwa amayi anu, ndi chithunzi cha mwana wake wamwamuna amene madzi anamutenga. Chithunzicho ndinasindikiza ndine chaka cham'mbuyo mwake, pa pulinta yomweyi, kuchokera mu foni ya mnyamatayo. Foni inapita naye. Papepala panangotsala kolala ya shati ndi khutu limodzi. Anandifunsa ngati makina angabwezeretse nkhope. Ndinayatsa, ndinaika pagalasi, ndinadina, ngakhale ndinkadziwa. Anati takhuta, zikomo wa Chisena, n'kulipira fotokope ya mtambowo, ndipo ndalama yake ndinakana koma anaisiya pa tebulo.

Kuchokera tsiku limenelo ndili ndi matenda. Pepala lililonse limene lafika m'manja mwanga ndimanyowetsa chala n'kulipaka pakona kuti ndione ngati ndi tona kapena inki. Lisiti ya ku sitolo, ndapaka. Kalata ya mfumu, ndapaka, a mfumu akuona. Pepala la nyimbo za kwaya, ndapaka, mzere wa alto unachoka wonse. Sabata yatha mlamu wanu anandipeza nditatsitsa satifiketi yathu ya ukwati pakhoma ndikumasula felemu, ndipo anandiuza mawu amene sindingalembe pa pepala la mayeso a ana. Anandilanda. Mpaka pano sindikudziwa ngati ukwati wathu ndi wa tona kapena wa inki. Ndipo musaseke, chifukwa kuno sipafunika chigumula kuti pepala linyowe. Thukuta lokha likwanira. Mwana wa kalasi akagwira mayeso ndi manja a mwezi uno, funso lachitatu limapita ndi chala chake. Munthu akapinda kalata yofunsira ntchito n'kuika m'thumba la shati, kupalasa njinga kuchokera kuno mpaka ku Sorgin, akafika amapereka chitenje.

Mnyamata wa pa Nchalo uja akuti ndikukulitsa nkhani, akuti iye mapepala ofunika amawamata mu pulasitiki ndipo palibe anabwerapo kudzadandaula. N'zoona, koma makina omatira aja nawonso amatenthetsa, ndiye tabwerera kwa kainveta kanga. Mwina ndizingogulitsa timapulasitiki tolowetsamo mapepala tija, n'kumauza anthu chilungamo kuti ili ndi la inki, lisaone madzi. Zithunzi ndiye ndaganiza kuti aliyense ndizimusungira kope mu laputopu ndi pa fulashi, afune asafune.

Za maliro a amalume anu ndikhulupirira anakuuzani kale a kunyumba. Tinaika bwino, anthu anabwera ambiri ngakhale kunali dzuwa loopsa. Pulogalamu yake ndinakasindikiza kwa abusa. Chimanga chakwera, ena kumadambo ayambanso kukumba nyika, ndipo mng'ono wanu wagulitsa mbuzi ziwiri. Akuti musamuiwale, koma sananditume, ndangonena.

China chimene simungachidziwe muli kumeneko ndi alendo a m'pulinta. Nditatsegula yakufayi ndinapezamo mazira awiri a nalimata, mphemvu youma, ndi msewu wa nyerere wochokera pa thireyi ya mapepala mpaka kumene kumalowera chingwe. Mwinanso sirinji ndikuinamizira. Yatsopanoyo miyendo ya tebulo lake ndidzaiika m'zitini za madzi, ngati mmene timachitira ndi shuga.

Ndiye chitani izi. Gulani ya matanki, L3210. Ngati L3250 yasiyana nayo mtengo pang'ono, tengani imeneyo, chifukwa ili ndi Wi-Fi ndipo masiku ano anthu amabwera ndi zinthu zawo pa WhatsApp, osati pa fulashi. Ikhale yatsopano, ya m'bokosi lomata, inki isanathiridwe. Wina asakunyengeni ndi yogwiritsidwapo kale ntchito yodzaza inki, chifukwa ikapendekeka m'basi kuchokera ku Beitbridge mpaka ku Tete, idzafika kuno itapenta katundu wa anthu onse ndipo kondakitala adzakusakani. Muonjezere mabotolo awiri akuda, nambala yake kumeneko ndi 103, koma muonetsetse pa bokosi. Lisiti musataye, idzafunika pa chipata cha Mwanza, ndipo ndalama ya msonkho ndidzabweza ine ahedi akandilipira za temu ino, ngati adzandipatsenso ntchito. Pulagi ya kumeneko ndi ya mano obulungira, yathu ndi ya mano a makona, koma zimenezo musavutike nazo, chingwe ndili nacho. Pa bokosi mulembe ndi zilembo zazikulu kuti pasakhale thumba pamwamba. Ulendo watha mbale za mlamu wanu zinafika zili zidutswa ndipo nkhaniyo imadzukabe tikakangana.

Komabe, achimwene, ngati mukuyendayenda mungaone M1132 yogwiritsidwapo ntchito koma yabwino, mungofunsako mtengo. Sindikuti mugule. Kungofunsa. Chifukwa ndikuganiza kuti nditakhala ndi zonse ziwiri, ya inki ikhale ya mayeso ndi fotokope za tsiku ndi tsiku, ya leza ikhale ya zinthu zimene munthu adzazifune pakapita zaka khumi, makalata a malo, mapangano a ngongole, ndizidikira tsiku la magetsi n'kusindikiza zonse pamodzi. Mlamu wanu akuti ndikatero ndidzagone nazo konko ku shopu. Akutinso mumubweretsere nsapato zija munalonjeza chaka chatha, sayizi 6, osati zazitali chidendene.

Pepala lotsatira ndi la mayeso a Chichewa ndipo lathimbirira mbali zonse ziwiri, ndiye ndithera m'mphepete muno. Amene akubweretserani kalatayi anyamuka mawa m'mawa, muwapatseko ya thiransipoti. Dzina la mdzukulu sitinatchule, akudikira inu, koma ine ndinaganiza kuti ngati