Nkhani za ogwidwa ndi apolisi muzizitsatira mpaka kukhothi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za mmene timalembera nkhani za anthu ogwidwa ndi apolisi, koma ndiyambira kutali pang'ono, mundipirire. Mphwanga amene ali ku yunivesite anabwera pa holide ndi buku lina lachingerezi lothaitha chikuto, dzina lake Folk Devils and Moral Panics, ndiye ine ndinangolitenga kuti ndione zomwe ana akuphunzira masiku ano, mapeto ake ndinalimaliza lonse mpaka kuyamba kufufuza za mwini wake. Wolemba ndi Stanley Cohen, pulofesa amene moyo wake wonse ankaphunzira za umbanda, zilango komanso mmene apolisi, makhothi ndi atolankhani amagwirira ntchito limodzi, nthawi zina osazindikira nkomwe kuti akuthandizana kukulitsa nkhani.

Bambowa anabadwira konkuno kum'mwera kwa Africa, ku Johannesburg mu 1942, anaphunzira pa yunivesite ya Witwatersrand za ntchito yothandiza anthu ovutika, kenaka mu 1963 ananyamuka kupita ku London komwe anakachita PhD pa London School of Economics. Atangofika kumene zinthu zinachitika zomwe zinawapatsa mutu wa kafukufuku. Pa Isitala wa 1964 anyamata ambiri anapita kukacheza kutauni ina ya ku England ya m'mbali mwa nyanja yotchedwa Clacton, kunja kukuzizira komanso mvula, zochita kulibe, ndiye panabuka timikangano, mawindo ena anaswedwa, apolisi anagwira anthu 97. Kutacha pafupifupi manyuzipepala onse anali ndi nkhaniyi patsamba loyamba ngati kuti tauni yonse yalandidwa ndi adani. Anyamatawa anawagawa magulu awiri, ma Mods oyenda pa timasikuta ndi ma Rockers a njinga zamoto zikuluzikulu ndi majekete achikopa, ndipo kuyambira tsiku limenelo mnyamata aliyense wa njinga anasanduka chigawenga m'maso mwa anthu.

A Cohen sanangokhala mu ofesi ai. Anasonkhanitsa zomwe manyuzi analemba, anakhala m'makhothi kumvera milandu, anapita okha ku Brighton pa maholide otsatira kukaona ndi maso ndi kucheza ndi anthu. Anapeza kuti zolembedwa zinali zokokomeza kwambiri poyerekeza ndi zomwe zinachitikadi. Nkhani imene yandikhalabe m'mutu ndi ya cheke. Ku Margate mnyamata wina atamulipiritsa mapaundi 75 anauza khothi kuti alipira ndi cheke, manyuzi anaithamangira nkhaniyo kuti onani ana a masiku ano ndalama zawachulukira mpaka sakuopa chindapusa. Patangopita masiku ochepa mnyamatayo anavomera kuti analibe ngakhale akaunti ku banki, cheke anali asanalembepo chibadwire, ankangofuna kuoneka dolo pamaso pa anzake. Koma kukonza kwakeko ndi ochepa amene anakulemba, anthu anapitiriza kuikamba ya cheke ija kwa zaka ngati zoona.

Ndiye chomwe anafotokoza m'bukuli, limene linatuluka mu 1972, ndi chakuti zinthuzi zimazungulira. Nyuzi ikakokomeza anthu amachita mantha, andale amakuwa kuti boma lichitepo kanthu, apolisi amathiridwa ambiri pamalopo ndipo amayamba kugwira aliyense wooneka ngati wa gulu lija, chiwerengero cha ogwidwa chimakwera, nyuzi ibweranso nkulemba kuti mwaona vuto lakula, chonsecho chomwe chakula ndi kugwirako. Anyamatanso ena amene sankadziwa nkomwe za magulu amayamba kuvala ndi kuchita zomwe awerenga, anthu wamba nkumapita kunyanja kukaonerera ndewu yomwe awalonjeza mu nyuzipepala. Sanali kunena kuti zoipa sizinachitike, mawindo anaswekadi, koma kuti phokoso linaposa kutali chinthu chenichenicho.

Pano ndi pomwe ndinasiya kaye kuwerenga nkuyamba kuganiza za kwathu kuno. Pa laini yathu pali mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, ndinamuona akukula, mmawa uliwonse amatengera ana anga kusukulu. Tsiku lina apolisi anachita zosesa zija usiku, naye anamutola akuchokera kosiya kasitomala. Mawa lake chithunzi chinali ponseponse pa WhatsApp ndi Facebook, anyamata atawakhazika pansi mondondozana, ena opanda malaya, iye ali kumapeto atazolika mutu, pamwamba atalemba kuti zigawenga zomwe zakhala zikusowetsa anthu mtendere zagwidwa. Anakhala mu selo masiku angapo nkumutulutsa opanda mlandu uliwonse. Palibe analembapo za kutulukako. Mwini njinga anali atailanda kale kupatsa wina, a landilodi anamuuza kuti asamuke poti sakufuna mbava pa mpanda pawo, mayi ake anasiya kupita ku kwaya kwa miyezi chifukwa cha maso a anthu. Mpaka lero ukalemba dzina lake pa intaneti chithunzi chija ndi chomwe chimabwera.

Ine sindikudana ndi apolisi, akuba alipo ndipo atisautsa zedi, nane anandithyolerapo nyumba. Vuto langa ndi lakuti nkhani zambiri zaumbanda zomwe timawerenga ndi kumva pa wailesi zimangokhala mawu a mneneri wa apolisi kuyambira pamwamba mpaka pansi, dzina la munthu, zaka zake, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lomwe akuchokera, basi nkhani yatha. Wogwidwayo sitimumva, abale ake sitiwamva, ndipo mlandu ukathera m'malere palibe wobwerera kudzatiuza. Ofufuza ena a ku Birmingham motsogozedwa ndi Stuart Hall anaonetsa zofananazi mu 1978, kuti poti mtolankhani amathamangira nthawi ndipo wapolisi ndi amene ali ndi nkhani yokonzakonza, mapeto ake apolisi ndiwo amayamba kutchula kuti vuto ndi chani ndipo olakwa ndi ndani, ena tonse timangotsatira pambuyo.

Kumbukirani za vakabu. Kwa zaka zambirimbiri tinkangowerenga kuti apolisi agwira anthu akutiakuti oyendayenda usiku, tonse nkumati achita bwino. Zinatengera wogulitsa majumbo mmodzi, a Mayeso Gwanda, amene anagwidwa m'bandakucha ku Blantyre akupita ku geni yawo ku Limbe, kuti akaime kukhothi lalikulu mpaka mu Januwale 2017 oweruza ananena kuti gawo lija la lamulo la vakabu likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Ndi angati a mtundu wa a Gwanda amene anawerengedwa m'manambala aja ife nkumaombera m'manja?

Chinanso chomwe chinandikoka mwa a Cohen ndi chakuti sanaime pa buku limodzi lotchukalo. Ali ku yunivesite ya Durham ankalowa m'ndende ndi mnzawo Laurie Taylor kukaphunzitsa akaidi a zilango zazitali, nkulemba za mmene munthu amapiririra zaka zambiri m'chitokosi. Anaphunzitsa ku Essex, mu 1980 anasamukira ku Hebrew University ku Jerusalem, ndipo kumeneko iwo monga Myuda sanatseke pakamwa, anagwira ntchito ndi bungwe loona za ufulu wa anthu la B'Tselem kufufuza za kuzunzidwa kwa ma Palestina pofunsidwa mafunso. Atabwerera ku London School of Economics analemba States of Denial mu 2001, lonena za mmene anthu ndi maboma amakanira zinthu zomwe akuziona ndi maso, poyamba amati sizinachitike, kenaka amati zinachitika koma si mmene mukunenera, pomaliza amati nanga ine zikundikhudza bwanji. Poyambirira pa bukulo amakumbuka ali mwana ku Johannesburg nthawi yozizira, iye asanalowe pabedi lofunda akuyang'ana pawindo mdala wina mlonda atanjatira pambali pa mbaula panja, nkumadzifunsa kuti bwanji munthuyu ali panja pomwe iye ali m'nyumba. Anamwalira mu Januwale 2013.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi laling'ono. Mukalemba kuti wakutiwakuti wagwidwa, mtolankhani yemweyo azilemba tsiku la kukhothi mu kope lake nkukapitako, ndipo munthu akamasulidwa muziyika nkhaniyo patsamba lomwelo ndi zilembo zazikulu mofanana. Zithunzi za anthu okhazikidwa pansi opanda malaya asanaonekere pamaso pa majisitireti musamazitulutse, ndipo apolisi akati agwira anthu akutiakuti pa kusesa muziwafunsa pakatha sabata kuti mwa amenewo ndi angati atsegulidwa mlandu. Mnyamata wa pa laini yathu uja pano akugwira ganyu yonyamula matumba a simenti pa hadiweya, njinga sanaipezebe, ndipo ana anga akumapita kusukulu wapansi.

Ine wanu,
Kholo la ku Chilomoni, Blantyre