Ndalama za Mtukula Pakhomo zizifika mwana asanapinimbire

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo za Mtukula Pakhomo, yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo pano ali m'maboma onse 28. Kafukufuku wa ku Salima ndi Mangochi pakati pa 2013 ndi 2015 anaonetsa kuti mabanja olandira ndalamazi anayamba kudya mokwanirako ndipo ana ambiri ankapita kusukulu. Izi nzoyamikika. Koma pa kupinimbira kwa ana aang'ono sipanaoneke kusintha kwenikweni, ndipo apa mpomwe pakutidetsa nkhawa.

Mwana amapinimbira m'masiku 1000 oyamba, kuyambira pomwe mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Nthawiyi ikadutsa, msinkhu ndi nzeru zomwe zatayika nzovuta kuzibweza. Tsono Mtukula wakhala akusankha mabanja osaukitsitsa omwe mulibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo ambiri mwa iwo ndi agogo olera adzukulu amsinkhu wasukulu. Mayi woyembekezera kapena wa khanda, ngakhale ali wosauka, kawirikawiri amatsala poti angathe kugwira ganyu. Ganyu yemweyo ndi amene amamulekanitsa ndi mwana tsiku lonse, kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi nkulephereka.

Kachedwedwe ka malipiro nako kamaononga. Banja limayamba lakongola kwa akatapila, ndiye ndalama zikabwera pakamodzi zimathera kubweza ngongole, zotsala nkugula mbuzi kapena malata. Kugula mbuzi sikulakwa ayi. Koma mwana wa miyezi 9 mpaka 23 amafunika kudya katatu kapena kanayi tsiku lililonse kuphatikiza bere: phala la mgaiwa lolimbako lothira nsinjiro, usipa wosinja, dzira kapena masamba, ndi kasupuni ka mafuta ophikira. Phala lamadzimadzi limangodzaza mimba. Chikho chosatsuka bwino chimabweretsa kutsekula m'mimba, zonse zomwe wadya nkutayika.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zomwe zija zinayamba kugula zochepa. Tikupempha boma kuti lizikweza malipiro potsatira mitengo ya chimanga pamsika, lizilipira panthawi yake makamaka mu Januwale ndi Febuluwale pomwe nkhokwe zauma, ndipo liike gawo lapadera la amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka ziwiri. Pamalo olandirira pazikhalanso alangizi a zaumoyo oona makhadi a sikelo ndi kuyeza ana pamkono.

Okhudzidwa ndi kadyedwe ka ana,
Salima