Mkazi wa m'sewero asamangokhala wamiseche

Akonzi,

Mdzukulu wanga wandionetsa pafoni sewero loseketsa lakale la ku America, I Love Lucy, lomwe linayamba mu 1951. Lucy, gawo la Lucille Ball, ndi mkazi wosamva zoti azingokhala pakhomo. Mwamuna wake Ricky ndi woimba, Lucy nayenso akufuna kutchuka. Atalowa ntchito kufakitale ya chokoleti, makina anamukulira liwiro, mayi n'kuyamba kuzipakira m'kamwa ndi m'chipewa. Ndinaseka mpaka misozi, komatu ndinamukonda mtima wakewo, safooka.

Nanga bwanji m'masewero athu ambiri apakanema mkazi amangokhala wamiseche kapena wansanje? Olembawo abwere kuno ku Mangochi mbandakucha, adzaone amayi akunenerera usipa padooko, mwana ali kumbuyo, nthabwala zili pakamwa, asodzi mpaka kugonja. Atilembere mkazi ameneyo.

Ine wanu,
Mayi wa ku Mangochi